Za webpack-bundle-analyzer imene ikungoonetsa stat size yokha

Achimwene, mwati webpack-bundle-analyzer (chida choonetsa kukula kwa mafayilo amene webpack, pulogalamu yosonkhanitsa khodi ya webusayiti, wamanga) ikungokuonetsani stat size, parsed (kukula kwa khodi itafinyidwa) ndi gzip (kukula kwake itapanikizidwanso ndi gzip) kulibe, ndiponso manambala ake sakugwirizana ndi a Bundlephobia kapena a du -sh node_modules. Chidacho sichinawonongeke ayi.

Pa skrinishoti yanu ndaona kuti mwayendetsa ndi webpack-dev-server, seva yoyesera app pamene mukulemba khodi. Vuto lagona pamenepo. Dev server salemba mafayilo pa disiki, amawasunga mu RAM, ndiye analyzer akapita kukafuna mafayilo oti ayeze amapeza mulibe kanthu. Zikatero amangotsala ndi stat, womwe ndi kukula kwa khodi isanafinyidwe. Pangani build yeniyeni: npx webpack --mode production --profile --json=stats.json, kenako npx webpack-bundle-analyzer stats.json dist. Foda ya dist ija musaiiwale, chifukwa parsed ndi gzip amawerengera kuchokera mmenemo. Ngati mukufuna kutumizira anzanu lipotilo, onjezerani --mode static, lituluka report.html m'malo motsegula pa port 8888.

Chenjerani ndi chinthu china. Ambiri amalemba npm run build -- --json > stats.json, ndiye npm amayamba walemba mizere yake iwiri pamwamba, dzina la projekiti ndi lamulo limene akuyendetsa. Mizere imeneyi ikalowa mu fayilo, JSON yawonongeka basi. Tsegulani stats.json, muone ngati chilembo choyamba ndi { kapena ayi.

Tsopano za manambala osagwirizana. du -sh node_modules imawerenga kukula kwa chilichonse chimene chili mu foda ya node_modules pa kompyuta yanu: devDependencies, TypeScript, ma test, ma source map, README za phukusi lililonse. Zambiri mwa izi sizifika kwa munthu wotsegula webusayiti yanu, choncho musade nkhawa nayo nambala imeneyo kupatula ngati npm install ikukudyerani data. Webusayiti ya Bundlephobia nayo imatenga phukusi limodzi palokha, n'kulimanga, n'kulifinya, n'kukuuzani kulemera kwake ngati mutalitenga lonse. Siyidziwa kuti mu projekiti yanu mwagwiritsa ntchito kachigawo kamodzi kokha, kapena kuti phukusi lina mwaliika kawiri. Ndi yabwino posankha phukusi musanaliike, koma siyoyenera kuyezera nayo app yomwe mwamanga kale.

Ine nambala yomwe ndimaiona kuti ndi yofunika ndi gzip ya production build, chifukwa ndi imene imayenda pa netiweki kukafika pa foni ya munthu amene wagula data ya tsiku limodzi ndipo akuwerenga MB iliyonse.

Parsed ikabwera, yang'anani mabokosi akuluakulu pa chithunzi chimene analyzer imaonetsa. Ndikuganiza kuti mupezamo moment, laibulale ya madeti ndi nthawi, popeza ili mu package.json yanu. Webpack amakoka foda yonse ya locale ya moment, zilankhulo zonse, ngakhale inu mukugwiritsa ntchito Chingerezi chokha. Mutha kuzitsekera kunja ndi IgnorePlugin, koma eni ake a moment analengeza mu 2020 kuti sawonjezeranso zatsopano, ndiye ngati projekiti ndi yatsopano, Day.js imachita zambiri zomwezo ndipo ndi yopepuka kwambiri. Laibulale ya Lodash nayo: import _ from 'lodash' imabweretsa laibulale yonse chifukwa ma module ake ndi a mtundu wa CommonJS, ndipo tree shaking (kuchotsa khodi yosagwiritsidwa ntchito) imafuna a mtundu wa ES modules. Lembani import debounce from 'lodash/debounce' kapena musinthire ku lodash-es.

Mukaona phukusi lomwelo kawiri pa chithunzi, npm ls dzina-la-phukusi ikuonetsani amene akulikoka. Nthawi zina npm dedupe imathetsa, koma ngati ma version ake atalikirana kwambiri, muyenera kukweza phukusi lomwe likukakamira lakalelo.

Mabokosi olembedwa concatenated asakuopseni. Pa production webpack amaphatikiza ma module angapo kukhala amodzi, choncho kukula kwa aliyense mkati mwake ndi kongoyerekeza. Mukafuna kuona bwinobwino, ikani optimization.concatenateModules kukhala false poyeza pokha, mukatha mubwezeretse. Mukayesa, tumizani report.html muno tione limodzi.