Funsani Tikuyankheni: Kodi Malawi tingamuyerekeze ndi nyama iti?

FUNSO: Ndine mphunzitsi pasekondale ina ku Ntcheu. Ana anga a Fomu 3 akukonzekera mtsutso pamutu wakuti "Dziko lililonse lili ndi nyama yomwe limafanana nayo khalidwe." Ena akuti Malawi ndi nkhunda poti ndife anthu amtendere, ena akuti ndi kamba poti chitukuko chathu chimachita kukwawa. Ndiwathandize bwanji kuti mtsutsowu ukhale ndi mfundo, usathere m'kusekana? — Mphunzitsi, Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi, anawo asayambe ndi kupeka. Ayambe ndi nyama zomwe dziko linadzisankhira lokha. Abweretsereni chithunzi cha chizindikiro cha boma la Malawi cha 1964, chomwe chili pachikuto cha pasipoti, ndipo awerenge okha zomwe zilipo. Apeza mkango mbali imodzi ndi kambuku mbali inayo, zitagwirizira chishango ndipo zitaponda paphiri la Mulanje. Pakati pa chishangocho pali mkango wina, pamwamba pake pali mafunde oimira nyanja, pansi pake dzuwa likutuluka. Pamwamba pa zonse pali nkhwazi. Kambukuyo anachokera pachizindikiro cha Nyasaland cha nthawi ya atsamunda. Apa phunziro loyamba lapezeka kale: dziko limodzi lili ndi zamoyo zitatu, ndipo china ndi chotsala cha ulamuliro wakale.

Kenako aone anansi athu. Zambia inaika nkhwazi pambendera yake pa 24 Okutobala 1964, kutanthauza ufulu ndi mphamvu zouluka pamwamba pa mavuto. Namibia ndi South Sudan nawonso ali ndi nkhwazi yomweyo pazizindikiro zawo. Botswana inasankha mbidzi mu 1966, ndipo mizere yakuda ndi yoyera imakumbutsa za kukhalirana bwino kwa anthu akuda ndi azungu, panthawi yomwe kutsidya kwa malire, ku South Africa, tsankho linali litafika pachimake. Mwana wochenjera afunsa kuti: ngati maiko anayi akugawana mbalame imodzi, kodi anthu ake onse ndi amtima umodzi? Ayi ndithu. Nyama yapachizindikiro imanena zomwe dziko likufuna kukhala. Siinena mmene munthu aliyense wa m'dzikomo alili, ndipo mtsutso wonse wagona pamenepa.

Tsono gulu lililonse lichite zinthu zitatu. Lisankhe khalidwe limodzi lokha la nyamayo, osati nyama yathunthu. Lipeze umboni wa khalidwelo m'mbiri ya dziko, wokhala ndi chaka. Pomaliza linene lokha pomwe fanizo lawolo likuthera. A gulu la nkhunda angathe kunena za riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pomwe Amalawi anasintha ulamuliro wa chipani chimodzi ndi voti osati mfuti, komanso za othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi omwe dziko lino linawasunga. Koma akonzekere kuyankha za anthu omwe anaphedwa pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011. A gulu la kamba asangoti "timachedwa". Atchule chinthu chenicheni chomwe chinachedwa, ndipo anene ngati anachedwetsa ndi anthu wamba kapena olamula. Mayi wodzuka mbandakucha kupita kudimba simungamutche kamba.

Chomwe chimasokoneza kawirikawiri ndi kusaidziwa bwino nyamayo. Tengani nkhwazi yomwe timaitama. Imakhala ndi mnzake mmodzi kwa moyo wonse, imabwerera kuchisa chomwecho chaka ndi chaka, ndipo yaikazi ndiyo yaikulu, yoposa makilogalamu 3, pomwe yaimuna imathera cha pa 2.5. Ikagwira nsomba yolemera kwambiri siitaya msanga, imapalasa madzi ndi mapiko mpaka kumtunda. Zonsezi n'zokoma kuzinena. Koma asodzi a ku Mangochi akuuzani kuti nkhwazi imalandanso nsomba za mbalame zinzake. Otsutsa akadziwa zimenezi, fanizo lonse lagwa. Ku America zinachitikapo: dzikolo linaika chiwombankhanga pachidindo chake mu 1782, ndipo mu 1784 Benjamin Franklin analembera mwana wake wamkazi kalata yodandaula kuti mbalameyo ndi yakhalidwe loipa chifukwa imadya zolanda. Mkango nawo umatha maola ambiri atsiku uli chigonere, ndipo osaka kwambiri ndi aakazi.

Auzeninso kuti tanthauzo limasintha. Ku South Africa, insa ya springbok inali chizindikiro chomwe anthu akuda ambiri ankadana nacho, poti chinkaimira timu ya rugby ya azungu. Mu 1995 a Nelson Mandela anavala jezi ya timuyo pa masewero otsiriza a chikho cha dziko lonse ku Johannesburg, ndipo nyama yomweyo inayamba kumveka mwina. Kuno kwathu tambala wakuda ndi wa chipani cha MCP, choncho wina akati "Malawi ndi tambala" ena amva ndale, ngakhale dzinalo lili pandalama zathu.

Lamulo limodzi musalinyengerere m'kalasimo: palibe kupatsa mtundu wa anthu ena dzina la nyama. Dziko likadzitcha lokha mkango, monga achitira a Cameroon ndi timu yawo ya mpira, ndi kunyadira. Koma mlendo akakusankhira nyama, kawirikawiri amakhala akukunyoza kapena kukuopsezera ena. Chimbalangondo cha Russia chinatchuka kwambiri kudzera m'zojambula za m'nyuzipepala za kumadzulo kwa Ulaya, zoonetsa dzikolo ngati chilombo cholusa. Choopsa zedi ndi cha ku Rwanda mu 1994, pomwe wailesi ya RTLM inkatcha Atutsi mphemvu, ndipo anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Mwana akayamba kunena kuti Alomwe, Atumbuka, Ayao kapena Achewa ndi nyama yakutiyakuti, muimitseni pomwepo, ndipo mum'chotsere malikisi ngakhale kalasi yonse itaseka.

Pogawa malikisi, theka lipite ku umboni wa m'mbiri, gawo limodzi mwa magawo anayi ku kuidziwa bwino nyamayo, ndipo lotsalalo kwa gulu lomwe lavomera poyera pomwe fanizo lake likulephera.