Buku la mapatani lilipo, nanga ndiyambire pati?

Mayi wina wa ku Katete wandilembera imelo sabata yatha. Akuti azakhali awo adawasiyira makina opalasa a Singer pamodzi ndi buku la mapatani, lija lokhala ndi chipepala chopindapinda pakati, chodzaza mizere yopiringizana ngati msampha wa kangaude. Mng'ono wawo ali ndi kitchen party pakatha masabata anayi, ndiye akufuna kudzisokera okha diresi. Maso awo agwera pa ina yothina m'chiuno, ya kolala ndi manja otukumuka. Akufunsa ngati angaikwanitse, komanso saizi yoti atsate poti iwo amavala 14.

Amayi, diresi imeneyo isiyeni kaye. Sindikukuderezani ayi, koma kolala ndi manja ndi zimene zimaliza ngakhale matelala a pakhonde la sitolo amene akhala pa makina zaka zambiri. Tsegulani tsamba limene lili ndi zojambula za mizere yokhayokha, osati chithunzi cha mtsikana akumwetulira uja, ndipo muwerenge zidutswa. Diresi ya zidutswa zinayi kapena zisanu, khosi lozungulira, madati (timapindo tosokedwa kuti diresi itsate thupi) awiri pachifuwa ndi zipi kumbuyo, imeneyo ndiye yanu. Chitenje chokongola chimadzilankhulira chokha, sichifuna zokometsera zambiri.

Za 14 zija iwalani. Nambala imene ili pa bulauzi ya pa salaula sigwirizana ndi ya m'buku, ndipo mabuku a ku Ulaya monga Burda amawerenga 38, 40, 42 kupita m'tsogolo. Itanani munthu akuyezeni ndi tepi, mutavala bra yomwe mudzavale tsikulo: chifuwa pamene chatukuka kwambiri, chiuno pamene pali pang'ono, mahipi pamene afutukuka, ndi msana kuyambira pa fupa la pakhosi mpaka m'chiuno. Musakoke mimba, nsima mudzadya ndithu kumeneko. Manambalawo muwafananize ndi tebulo la m'buku. Mudzapeza kuti kumtunda muli saizi ina, kumunsi ina, ndipo ambirife tili choncho. Tsatani saizi ya chifuwa kumtunda, kenaka kuchokera m'chiuno mzere wanu uzipatuka pang'onopang'ono mpaka ukakumane ndi wa saizi ya mahipi. Mapatani a Burda a nthawi zonse amajambulidwira mkazi wa msinkhu wa masentimita 168. Ngati ndinu wamfupi ngati ine, chiuno cha diresi chidzagwera pansi, choncho pindani pepala pakati pa khwapa ndi chiuno kuti mufupikitse, osati kungodula kumunsi.

Chipepala chija musachidule, chili ndi mapatani mbali zonse ziwiri. Ikani pepala lopyapyala pamwamba ndi kutsata mzere wa saizi yanu ndi pensulo. Ine ndimayamba ndadutsitsa cholembera cha mtundu wowala pa mzere wanga kuti maso asasochere. Kopani zonse, muvi wautali uja wosonyeza m'mene ulusi wa nsalu ukuyendera, timizere ta m'mphepete tolumikizira zidutswa, ndi madati.

Tsono apa mvetsetsani, chifukwa mpamene ndidagwera ine. Mapatani ena amabwera ndi malo a msoko oikiratu, kawirikawiri masentimita 1.5. Ena, monga a m'magazini a Burda, alibe, mumawonjezera nokha. Diresi yanga yoyamba ndidadula ndendende pamzere, usiku, pa nyali ya foni magetsi atathima. Nditasoka idakana kudutsa m'mapewa. Chitenjecho chidali cha apongozi anga, adandigulira pa Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo adangoti, "Mwasokera ndani, amake mwana?" Idathera kwa mwana wa achemwali anga wa giredi 7. Werengani tsamba loyamba la malangizo muone buku lanu likuti chiyani. Ngati mapatani anu alibe malo a msoko, jambulani ndi choko masentimita 1.5 kuzungulira chidutswa chilichonse, ndi 4 ya mpendero.

Kogula nsalu nako kuli kamsampha. Buku likanena kuti mamita awiri akwana, nthawi zambiri likunena nsalu ya masentimita 140 kapena 150 m'lifupi. Chitenje chathu ndi chopapatiza, chimasewera pa 115, ndipo m'mphepete muli malembo amene simungafune aoneke pa diresi. Ndiye chitenje chimodzi sichikwana. Yalani mapepala anu pansi, muyeze malo amene akudya, ndipo mukafika ku Kapata kapena ku Down Shops kuno ku Chipata mugule zonse tsiku lomwelo, makamaka chosadula. Mukati mudzabwerenso Loweruka mudzapeza maluwa amenewo atha. Maluwa aakulu amadya nsalu yambiri chifukwa zidutswa zonse ziyenera kuyang'ana mbali imodzi. Ndidaonapo ku tchalitchi mayi atavala mbalame zouluka chadodolido kumsana konse, ndipo palibe adalimba mtima kuwauza. Onaninso pamene duwa lalikulu ligwere, lisakhale pa bere kapena pakati pa thako.

Ngati wogulitsa akulumbira kuti ndi kotoni koma mtima ukukayika, sololani ulusi pang'ono mukautenthe kunyumba. Kotoni amanunkha ngati pepala ndipo amasiya phulusa, polyester amasungunuka n'kuuma kambulu kolimba. M'mwezi wa Okutobala kusiyana kwake mudzakumva pathupi. Kotoni amafupika akalowa m'madzi koyamba, choncho chapani, yanikani pamthunzi, sitani, kenaka mudule.

Masabata anayi ndi ambiri. Sabata yoyamba musakhudze chitenje. Pezani shiti yakale, mudulepo kumtunda kokha, musoke ndi misoko italiitali yosavuta kumasula, muvale chotembenuza, wina akuphanireni mapini pamene pakukhwepa. Zosinthazo muzibwezere pa pepala. Makina a azakhali aja adontheereni mafuta a makina, osati ophikira, muike singano yatsopano ya 80 kapena 90, ndipo ngati lamba wake wauma pitani naye m'manja pokagula wina kuti akuyezereni.