Mafupa awiri a msongolo agwirana pambuyo pa opaleshoni: kodi apitenso ku theatre?

Bambo wina wandilembera kuti anathyoka akakolo atagwa pa kabaza, anamuika zitsulo, ndipo patha chaka. Atamujambula, adokotala anamuuza kuti mafupa awiri a m'munsi mwa mwendo amatana chapafupi ndi akakolo. Akufunsa ngati akufunika opaleshoni ina.

Bambo, ndiyambe ndi kukufunsani: mwendowo ukukuvutani? Funso lalikulu ndi limeneli, osati zimene zili pachithunzi.

Pamsongolo pali mafupa awiri, lalikulu lotchedwa tibia ndi laling'ono lakunja, fibula. Chakumunsi amalumikizidwa ndi mitsempha yolimba, komabe laling'onolo limasuntha pang'ono, mwina milimita imodzi kapena iwiri, mukamakweza phazi. Mitsemphayo ikang'ambika, madokotala amadutsitsa screw m'mafupa onse awiri kuti agwirane. Magazi oundana ndi tizidutswa ta fupa totsalira poboola nthawi zina zimasanduka fupa latsopano, n'kumata awiriwo. Madokotala amati synostosis.

Ambiri amene zimawachitikira samva chilichonse. Amalima, amapalasa njinga, ndipo akanapanda kujambulidwa sakanadziwa n'komwe. Ngati inunso muli choncho, lisiyeni fupalo. Ine sindiona nzeru yong'ambitsa mwendo wosapweteka chifukwa choti chithunzi sichikuoneka bwino.

Ena ndiye amamva kuuma: kunjuta kumavuta, pachitunda phazi limakana kupindika, ndipo chapamwamba pa akakolo pamapweteka akayenda mtunda. Apa timayamba ndi mafizo otambasula katumba, nsapato yokwera pang'ono chidendene, ndi mankhwala opha ululu. Musaiwalenso kuti ululu ungachokere kwina, monga zitsulo zomwezo kapena nyamakazi ya m'mfundo yovulalayo. Kusema fupa pamene vuto lili m'mfundo n'kungodzivutitsa.

Zonsezi zikalephera, m'pamene fupa lomatalo limasemedwa. Amayamba ajambula CT scan, chithunzi choonetsa fupa mwatsatanetsatane, kuti aone kukula kwake, ndipo amadikira kuti likhwime, chifukwa losakhwima limameranso msanga. Ngakhale lokhwima limatha kubwerera, n'chifukwa chake ena amaika mafuta a m'thupi kapena phula lapadera pamalo osemedwawo, ena amapereka mankhwala otchedwa indomethacin. Mankhwala amenewa amalusa pa m'mimba ndi impso, choncho musakagule nokha.

Pemphani kalata yokatumizidwa kwa dokotala wa mafupa, kaya kuchipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre, ndipo munyamule zithunzi zonse, zakale zomwe. Koma bala likayamba kutuluka mafinya kapena mwendo ukatupa n'kutentha, musadikire tsiku limene anakulemberani.