Kodi t-test ingagwire pa manambala a EDSS?

Wowerenga wina wa ku Ngabu, amene akuchita maphunziro a zaumoyo, wandilembera imelo. Wapatsidwa zolembedwa za odwala multiple sclerosis, nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimaononga myelin, chofunda cha mitsempha ya mu ubongo ndi mu msana. Odwalawo ali m'magulu awiri olandira mankhwala osiyana, ndipo akufunsa ngati angayerekeze EDSS yawo, imene ndi muyeso wa ulumali umene nthendayi yabweretsa, pogwiritsa ntchito t-test, njira ya masamu yoyerekezera avareji ya magulu awiri.

Achimwene, ine ndikuti ayi. EDSS, imene John Kurtzke anaitulutsa mu 1983, imayambira pa 0 kukafika pa 10, koma si sikelo yoyezera thonje imene kilo iliyonse imafanana ndi inzake. Munthu wochoka pa 1 kupita pa 2 amayendabe bwinobwino. Wochoka pa 6 kupita pa 7 wasiya ndodo n'kukhala pa njinga ya olumala. Pa pepala onse akwera ndi 1, ndipo t-test idzawatenga ngati ofanana. Manambala otere amangotiuza amene ali patsogolo ndi amene ali pambuyo, choncho gwiritsani ntchito Mann-Whitney U, njira yoyerekezera magulu awiri poona mndandanda wa manambala, ndipo mulembe median, nambala ya pakati mukawandandalika. Ngati ndi anthu omwewo oyezedwa kawiri, tengani Wilcoxon signed-rank.

Mukamawerenga kuti nthenda yabwerera kangati, nkhani yasintha. Ambiri siiwabwerera n'komwe, ochepa imawabwerera pafupipafupi, ndipo Poisson, njira yodziwika yosanthulira kuti chinthu chachitika kangati, imalephera kunyamula kusiyana kotereku. Ofufuza ambiri amasankha negative binomial, imene imalola kusiyana kotereku, n'kuikamo nthawi imene aliyense anatsatiridwa. Ngati funso ndi loti panapita nthawi yaitali bwanji ulumali usanakule, ndiye Kaplan-Meier ndi Cox, njira zosanthulira nthawi imene imapita chinthu chisanachitike, chifukwa zimawerengerabe anthu amene anasiya kubwera ku chipatala kafukufuku asanathe. Kuno amenewo sasowa, makamaka Shire akasefukira n'kudula misewu.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha. Dokotala wa maso Wilhelm Uhthoff analemba mu 1890 kuti maso a odwala ena a nthendayi amachita chidima akalimbitsa thupi, ndipo lero tikudziwa kuti chimayambitsa ndi kutentha kwa thupi. Kwathu ku Chikwawa ndi Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Mukayeza gulu lina mu Juni, lina mu Novembala masana, mungaimbe mlandu mankhwala pomwe wolakwa ndi dzuwa. Malungo nawo amachita zomwezo. N'chifukwa chake kubwerera kwenikweni kwa nthenda kumawerengedwa zizindikiro zikakhalapo kwa maola osachepera 24 popanda kutentha thupi, ndipo kukula kwa ulumali kumatsimikizidwa poyezanso pakatha miyezi 3 kapena 6.

Nthendayi ndi yosowa m'Malawi, ndiye ngati odwala anu ndi a konkuno, adzakhala owerengeka. Pa tebulo la inde kapena ayi, siyani chi-square, imene imafuna anthu ambiri, tengani Fisher's exact test, imene imagwira ngakhale pa anthu ochepa. Akakhala osakwana khumi, ingofotokozani mbiri ya aliyense payekha, mulembenso ngati anajambulidwa MRI komanso ngati anayezedwa magazi pofufuza asilikali a m'thupi olimbana ndi puloteni ya aquaporin-4, kuti mukhale otsimikiza kuti si neuromyelitis optica, nthenda ina ya mitsempha yofanana ndi imeneyi.