Asuweni afunsa za sikuta, nali yankho

Eee msuweni, ndalimva funso lako, kuti pakati pa sikuta ya injini yaing'ono ya 50cc ndi ya injini yokulirapo ya 125cc yoyendera m'tauni muno mu Mzuzu yabwino ndi iti. Koma iwe ndimakudziwa. Tauni ukunenayo si ya Katoto kukafika kumsika ayi. Ukufuna uzikweza alamu kumbuyo, dengu la tomato pamiyendo, ulendo wa ku Mchengautuwa. Usakane, tonse muno tikudziwa.

Dikira kaye... ukukumbuka kasikuta ka amalume kaja? Kobiriwira... ayi, kofiira, yobiriwira inali wailesi. Kanali ka 50cc, two-stroke. Injini zimenezo zimawotcha oyilo wa 2T limodzi ndi petulo, ndipo oyiloyo ali ndi kathanki kake. Amalume ataona kuti 2T wadula, anathiramo wotsala kuchigayo kuja. Utsi wake, anthu mpaka kuanula zovala! Pulagi kumada sabata iliyonse, iwo n'kumati petulo wa masiku ano ndi wosungunula. Ndiye mvula ya mu Malichi ija analowa nako m'chithaphwi ku Chibavi. Paja sikuta ilibe tcheni, imayendera lamba, ali m'kabokosi kam'munsi, kumanzere kwa teyala lakumbuyo. Madzi akalowamo lamba amaterera, injini kumangolira, njinga osasuntha. Anakankha mpaka kunyumba, atavala jekete la paukwati lija. Atatsegula anapeza lambayo ndi wong'aluka kale. Wa saizi yake anamudikira miyezi iwiri, nkhuku za agogo zikuikira mazira popondapo.

Ndimati chiyani... eya. Tenga ya 110 kapena 125cc, four-stroke, yosafuna oyilo wa 2T uja. Ya 50cc imakoma uli wekha pamalo osalala, koma anthu awiri pachitunda imangobuula. Yang'ananso mateyala. Tating'ono ta mainchi 10 timagwera m'dzenje lililonse, ndipo pamatope timakugwetsa. Peza a 12, ukapeza a 14 ndiye bwino kwambiri.

Oyilo wa injini sakwana ndi lita yomwe, uzisintha pa makilomita 2,000 mpaka 3,000. Palinso wina wa magiya kumbuyo, pafupifupi 120ml, anthu ambiri amamuiwala. Lamba ndi ma roller, timawilo togwira ntchito ndi lambayo m'kabokosi kaja, uzisinthira limodzi chapa makilomita 20,000. Fyuluta ya mpweya ili m'munsi, fumbi la mu Okutobala limaitseka msanga, njinga n'kuyamba kumwa mafuta.

Ndiye 125, msuweni, wamva? Koma usanapereke ndalama, jambula njingayo, zungulira mashopu a masipeyala konkuno ku Mzuzu, ufunse lamba, ma roller ndi mabuleki ake. Akayamba zoti "tiitanitsa ku Dar es Salaam", isiye. Ngati msewu wa kwanu uja ukadali momwe unalili, bola njinga ya magiya ngati Boxer, mateyala a 17, amakaniko onse amaidziwa.

Mwinamwina 125 basi, yamateyala akulu. Zipewa zotetezera mutu ugule ziwiri, alamu mutu ali nawo umodzi. Amalume, ngati mwamvera, ndimanena amalume ena.