Yankho kwa mayi a ku Mufakose pa nkhani ya bungwe lawo la maliro

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Mufakose ku Harare, kuno ku Zimbabwe, msungichuma wa bungwe la maliro la anthu akwathu ochokera ku Malawi. Akuti wapampando akufuna chopereka chikwere kufika madola 10 pamwezi chifukwa pa avereji membala amapeza madola 300, koma ambiri akudandaula ndipo ena asiya kulipira, chonsecho maliro akawagwera amafuna bokosi ndi ufa. Funso lawo ndi loti, kuwakakamiza anthu otere si kusowa umunthu kodi?

Mayi, ndiyambe ndi avereji ija chifukwa ndi pomwe pagona vuto. Tiyerekeze muli anthu 10, asanu ndi anayi amagulitsa tomato ku msika wa Mbare kapena kugwira maganyu ndipo aliyense amapeza 150, mmodzi ali ndi ma kombi ake onyamula anthu amapeza 1,650. Mukaphatikiza ndi 3,000, kugawa pa 10 ndi 300. Masamu ndi olondola ndithu koma palibe ngakhale mmodzi pagulupo amene amagwira 300, munthu mmodzi wakoka gulu lonse. A masamu ali ndi muyeso wina amautcha median, mumawandandalika anthu kuyambira wopeza zochepa mpaka wopeza zambiri nkuona amene ali pakatiyo, apa ndi 150. Chopereka muchiyeze pa munthu ameneyo. Ine ndikukayika ngati onse amene asiyawo ndi amwano, ena mtengo wangowapitirira basi ndipo manyazi akuwaletsa kunena pa mitingi.

Koma alipo ena ndalama ali nazo, akungodziwa kuti tsiku la maliro simungawasiye mtembo uli m'nyumba. Vuto ili ndi lakale pa maphunziro a zachuma. Mu 1968 Garrett Hardin analemba kuti chinthu cha tonse, ngati dambo lodyetsera ng'ombe, chimatha chifukwa aliyense amaganiza kuti ng'ombe imodzi yowonjezera siyiwononga kanthu, ndiye onse akaganiza choncho msipu umatheratu. Ambiri anakhulupirira kuti mankhwala ake ndi boma kapena kugawana aliyense chake. Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, anafufuza magulu a asodzi, a ulimi wothirira ndi osamala nkhalango nkupeza kuti ambiri akhala zaka zambirimbiri osagwa. Zomwe ankafanana ndi zoti zimadziwika bwino membala ndani, malamulo amapanga okha eni ake, amayang'anirana okha, ndipo chilango chimayamba pang'ono nkumakula munthu akabwereza. Kwathu ku Salima chilipo chitsanzo, pa chilumba cha Mbenji mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi nyengo ya mvula chaka ndi chaka ndipo wophwanya lamulo amalipitsidwa, nsomba zimapeza mpata woswana.

Ndiye za umunthu. Timati kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu, ndipo ine mawu amenewa ndimawakhulupirira ndi mtima wonse, makolo athu atabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi kuno analibe mudzi, analibe manda a makolo, amene ankawaika m'manda anali anzawo a m'mabungwe ngati lanuli. Koma umunthuwo umayenda mbali zonse ziwiri. Gogo amene amadzimana ndiwo kuti apereke mwezi ndi mwezi nayenso ndi munthu, thumba likauma chifukwa cha olekerera ndi iyeyo amene adzasowe bokosi. Kumuteteza ameneyo ndi umunthu womwewo.

Ndikanakhala inu ndikanaitanitsa mitingi ya onse, osati komiti yokha, anthu avote okha pa chopereka. Wolephera mwezi umodzi akumbutsidwe mwakachetechete, miyezi itatu kachindapusa kakang'ono, akapitirira apo thandizo lake lichepe koma lisathe, adzukulu ndi amayi ophika apitebe. Amene ntchito yamuthera anene poyera ndipo apereke mphamvu zake, nkhuni, kukumba, kugona pa siwa. Buku la ndalama liziwerengedwa pamaso pa onse, kapena mujambule tsambalo muziika pa gulu la WhatsApp, zimakutetezaninso inuyo ku mphekesera.

China chomwe simunafunse koma sindingachisiye. Tonse tikukumbuka 2008 mitengo ikukwera kangapo pa tsiku, mpaka kumayambiriro kwa 2009 kunatuluka pepala limodzi la madola a Zimbabwe 100 thililiyoni, mabungwe amene anasunga ndalama za mapepala anatsala ndi mulu wosagula ngakhale buledi. Pano tili ndi ndalama ya Zimbabwe yotchedwa ZiG kuyambira April 2024 pambali pa dola ya America, ndiye lembani m'malamulo anu kuti chopereka chikuwerengedwa mu ndalama iti, ndipo gawo lina muzigulira zinthu zokhalitsa ngati mapoto akuluakulu, mipando ndi tenti, zomwe mungathenso kubwereketsa pa maukwati kuti thumba lizilowa kenakake.

Mudzandilemberenso mitingi ikachitika mayi, ndikufuna ndimve kuti anthu avotera zingati.