Za kuoloka mtsinje popita kwa odwala m'dzinja

Mayi, mwafunsa ngati inu, amene mwangoyamba kumene ntchito yodzipereka yosamalira odwala m'midzi ya kwa Kanyenda, muyenera kuoloka mtsinje ukadzaza pofuna kukaona odwala a tsidya lina, komanso mmene mungadzitetezere ku mphenzi ndi kutentha. Pa nkhani ya mtsinje, yankho langa ndi lakuti musaoloke, ngakhale amene akukudikirani atakhala wodwala amene mumamudera nkhawa koposa.

Chimene chimapusitsa anthu kuno ku Nkhotakota nchakuti madzi oopsa kawirikawiri sakhala a mvula yogwa pa ife. Mtsinje wa Dwangwa umachokera ku Kasungu, wa Bua umayambira ku Mchinji, ndipo mvula ikachezera usiku wonse kumtundako, madzi amafika kuno dzuwa likuswa mtengo. Anzathu a ku Salima amaona zomwezi ndi Linthipe wotsika kuchokera ku Dedza. Choncho doko limene munaoloka m'mawa madzi akulekeza m'akakolo likhoza kukhala losaolokeka pobwerera masana. Mukaona madzi afiira, akubwera ndi thovu, mapesi ndi nthambi, kapena mukamva mkokomo kumtunda, bwererani. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, makamaka atasenza njinga kapena chitenje chitamukola miyendo, ndipo musaiwale kuti mitsinje ikasefukira ng'ona zimapezeka m'malo amene sizikhala masiku onse.

Inu a kwa Kanyenda mukukumbukira za February 2024, pamene Dwangwa anasefukira, anthu zikwizikwi nkusowa pokhala, msewu wa M5 nkuduka. Pa nthawi ngati imeneyo wodwala amathandizika ndi zimene munakonza mvula isanayambe. Mu November khalani pansi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, mulembe onse a tsidya amene sayenera kudumphitsa mankhwala, monga akumwa ma ARV, a TB, a shuga, a BP ndi a khunyu, ndipo muwalimbikitse kukatenga mankhwala tsiku lawo lisanapitirire. Amayi oyembekezera amene masiku ayandikira apite kukadikirira kuchipatala njira zikadali bwino. Chofunika kwambiri, pezani munthu wodalirika tsidya lomwelo, wokhala ndi foni, mumuphunzitse kutembenuza wodwala ndi kutsuka zilonda, kuti tsiku limene simungafike muzingomulangiza pa foni. Dziwananinso ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo muzimvera machenjezo a nthambi yoona za nyengo pa wailesi.

Mukalowa m'nyumba ya wodwala mvula itagwa masiku otsatizana, yang'anani khoma musanakhale pansi. Khoma la zidina likanyowa m'munsi kapena likachita mng'alu limagwa mosachenjeza, ndiye mphasa ya wodwala isunthidwe kapena asamukire kwa achibale. Mabuku a kuchipatala ndi mankhwala zimangidwe m'jumbo nkupachikidwa pamwamba. Madzi akaphwa ngozi imatsala ya kolera, amene mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho valani magambutsi ndi magolovesi, thirani klorini m'madzi akumwa, ndipo musasowe m'chikwama Thanzi ORS wobwezeretsa madzi m'thupi la wotsegula m'mimba, paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi abwino.

Mabingu akayamba muli panjira, musabisale pansi pa mtengo wa mango monga tinazolowera ambirife. Chokani padambo kapena pagombe, siyani njinga, lowani m'nyumba yapafupi, ndipo dikirani mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza.

Kutentha kwa October ndi November kwathu kunyanja kuno mukukudziwa. Lawirirani m'mamawa, pumani dzuwa likakhala paliwombo, ndipo nyamulani madzi anuanu. Mukamva chizungulire kapena mukaona mkodzo wachepa ndi kuda, khalani pamthunzi nkumwa madzi, ndipo wodwala wotsatira mukamuone dzuwa litapendeka.